Chilombo Chitatulukira M'pamene Ndinayamba Kupuma

Ine mafilimu oopsa sandiopsa. Mawu amenewa ndakhala ndikuyenda nawo pakamwa kwa zaka zambiri ngati satifiketi. Mizukwa yosuzumira pagalasi, zidole zoyenda zokha usiku, zitseko zodzitsegukira: zonsezi ndimaonera ndikuseka, kwinaku ndikulosera mokweza amene afe koyamba. Anzanga ena anasiya kundiitana, ati ndimawawonongera filimu.

Ndiye mng'ono wanga atabwera ndi laputopu yake Loweruka lina madzulo n'kunena kuti, "Achimwene, iyi yokha simumaliza mutakhala pansi," ndinangoti, "Ika tione."

Anali atanena zoona. Kumaliza ndinamaliza, koma pakati pake ndinapezeka nditaima panja, manja m'chiuno, ndikukoka mpweya ngati munthu amene wathamangitsidwa. Papita milungu ingapo tsopano ndipo nkhaniyi sikundichoka m'mutu.

## Kampata kaja

Nkhani ya filimuyo ndi yosavuta. Anthu asanu alowa mumgodi wakale, denga lagumuka kumbuyo kwawo, ndipo njira yatsala imodzi yokha, yopita kutsogolo, kunsi. Dzina lake ndilisiya dala, chifukwa mafilimu a mtunduwu ndi apachibale. Ena amachitikira m'phanga, ena m'ngalande za pansi pa mzinda, ena m'bokosi la maliro lenilenilo. Ngati munaonerapo imodzi, mudziwa zimene ndikunena.

Poyamba ndinali ine yemwe uja. Ndinaloza mmodzi wa iwo, wolongolola kwambiri, n'kumuuza mng'ono wanga kuti ameneyo sadzalionanso dzuwa. Iye sanayankhe. Ankangondiyang'ana cham'mbali.

Kenako anthu aja anafika pamene njira inathera. Pansi pa khoma panali kamng'alu kopingasa, koti mphaka angalowe bwinobwino koma munthu ayambe waganiza kaye. Ang'onoang'ono thupi anadutsa. Wotsiriza anali bambo wina wa chifuwa chachikulu.

Anavula chipewa chake cholimba chija, chifukwa mutu sukanalowa nacho, n'kuchikankhira kutsogolo. Anagona chafufumimba. Mutu anaupendeketsa, tsaya kukhudza mwala. Dzanja limodzi kutsogolo, linalo kumbali kwa thupi. Anayamba kudzikankha ndi zala zakumapazi, pang'onopang'ono, ndipo kamera inalowa naye momwemo. Nyimbo inasiya. Kunangotsala phokoso la malaya akukhula mwala ndi kupuma kwake.

Chifuwa chinakakamira.

Anzake kutsidya anamuuza kuti atulutse mpweya wonse kuti nthiti zichepe. Anautulutsa, fuu, n'kusuntha kutalika kwa chala chimodzi. Ndiye anafuna kukokanso mpweya. Nthiti zinalibe kopita. Pamwamba mwala, pansi mwala. Anayesa kubwerera m'mbuyo, malaya anakwinyikira m'khwapa n'kumumanga kwambiri. Kamera sinachoke. Inangokhala pa diso lake limodzi, lomwe linkaoneka m'kuwala kwa tochi imene inali itagwera patsogolo pake, patali pang'ono ndi dzanja lake.

Kudzuka kwanga sindikukukumbuka. Ndimangokumbuka chitseko chili m'manja mwanga, ndiponso mphepo ya usiku ikundiomba kumaso. M'manja muli thukuta, pakamwa gwa. Mng'ono wanga anaimitsa filimu n'kuseka chikhakhali, koma kusekako sikunapite patali.

"Achimwene, muli bwino?"

"Ndikungofuna kamphepo."

"Tizimitse?"

"Ayi. Dikira kaye."

Ndinabwerera. Koma chitseko ndinachisiya chotsegula, ndipo iye sananenepo kanthu.

## Ndinafunafuna chifukwa

Mawa lake ndinayamba kudzifufuza. Timakonda kuganiza kuti mantha aliwonse ali ndi kwawo: mwina unatsekeredwa m'kabati uli mwana, mwina unatsala pang'ono kumira. Ndinasanthula ubwana wanga wonse, osapezamo kanthu. Mu lifiti ndimakwera bwinobwino. Bulangete ndimafunda kumutu. Nanga chinanditulutsa panja n'chiyani?

Yankho limene landikhutiritsa n'lakuti sikuti ndinaopa kaye kenako n'kubanika. Ndinabanika kaye. Pamene bambo uja ankatulutsa mpweya, nanenso ndinatulutsa wanga, ndipo pamene ankalephera kukoka, nanenso ndinangogwira osadziwa. Thupi limatsanzira zimene maso akuona, ngati mmene kuyasamula kumapatsirana.

Ndipo thupi lili ndi belu lakelake la zimenezi. Chimene chimatipangitsa kumva kuti tikubanika si kuchepa kwa okosijeni kwenikweni ayi, koma kuchuluka kwa carbon dioxide m'magazi, mpweya umene timayenera kuutulutsa. Ukangokwera pang'ono, ubongo umayamba kukuwa.

Pali mayi wina wa ku America amene akatswiri a ubongo amangomutchula kuti S.M. Matenda osowa kwambiri anawononga mbali ya ubongo wake yotchedwa amygdala, imene imagwira ntchito yaikulu pa mantha. Anamuonetsa njoka, akangaude, ngakhale zidutswa za mafilimu oopsa, iye osatekeseka. Koma mu kafukufuku amene akatswiri a pa yunivesite ya Iowa anafalitsa mu 2013, anamupatsa mpweya wokhala ndi 35 peresenti ya carbon dioxide kuti akoke. Mayi wosaopa uja anagwidwa ndi mantha aakulu nthawi yomweyo.

Nditawerenga zimenezi ndinaseka ndekha. Kudzitama kwanga konse kuja kunali kwa khomo limodzi lokha, lolowera mantha a zinthu zakunja. Kumeneko ndinaikako mlonda wanzeru, wodziwa kuti magazi a mufilimu ndi utoto. Koma pali khomo lina lakuseri, lolowera m'chifuwa, ndipo kumeneko kulibe mlonda. Filimu ya pansi pa nthaka, ikapangidwa bwino, imalowera kumeneko.

## Chilombo chinabwera ngati mpulumutsi

Bambo uja anadutsa, ngati mukufuna kudziwa. Ndipo patapita mphindi zingapo, chimene opanga filimu ankatisungira chinatulukira mumdima: chinthu chotuwa, chamano, chokwawa padenga.

Mng'ono wanga anadzidzimuka mpaka kugunda tebulo ndi bondo. Ine ndinamva mapewa anga akutsika. Ndinapuma bwino koyamba chiyambireni filimu.

Zimenezi n'zimene zakhala zikundizunguza. Bwanji chilombo chinandipatsa mpumulo?

Chilombo chili ndi nkhope. Chimakufuna, ndiye kuti ndiwe kanthu kwa icho. Ungachithawe, ungachibisalire, ungachigende ndi mwala. Komanso mlonda wanga uja anadzuka msanga n'kundinong'oneza kuti ameneyo ndi munthu wovala mphira, akaweruka apita kwawo kukasamba. Thanthwe lilibe zonsezo. Silikudani, silikukufunani, silikudziwa n'komwe kuti mulipo. Simungalichonderere. Linali pomwepo musanabadwe ndipo silisuntha chifukwa choti nthiti zanu zikufuna malo a chala chimodzi.

Ndinaonanso kanthu kena koseketsa. Chilombo chitangobwera, mgodi unakula. Mwadzidzidzi kunapezeka njira zotakata, zipinda zazikulu, malo okwanira kuthamanga. N'zomveka, munthu sangathamangitsidwe akukwawa ndi chigongono. Koma ndiye kuti opanga filimu anagulitsa chinthu chawo chamtengo wapatali kuti agule chimene filimu ina iliyonse ili nacho. Mphindi makumi atatu zomaliza zinali kukuwa, kuthamanga, magazi, tochi kugwedezeka. Wolongolola uja anafadi, monga ndinanenera. Sizinandisangalatse ngakhale pang'ono kuti ndinalondola.

## Zenizeni zilibe chilombo

Usiku wotsatira ndinachita chinthu chopanda nzeru: ndinayamba kuwerenga za anthu amene zoterezi zinawachitikiradi.

Mu Novembala 2009, mnyamata wina wa zaka 26, wophunzira za udokotala, analowa m'phanga la Nutty Putty ku Utah, m'dziko la America. Anasochera n'kulowa m'kanjira kena kotsetsereka, mutu kutsogolo, poganiza kuti kutsogoloko kukula. Anakakamira chadodolido pamalo a masentimita pafupifupi 25 ndi 46. Opulumutsa anthu anayesetsa ndi zingwe kwa maola oposa 24, ankalankhula naye, ankamukhudza mapazi, koma kumutulutsa kunakanika. Thupi la munthu silinapangidwe kuti likhale mutu pansi nthawi yaitali choncho, ndipo mtima wake unasiya. Mtembo wake sanautulutse. Phangalo analitseka ndi simenti, iye ali momwemo mpaka lero.

Ndinatenga tepi yoyezera n'kujambula pansi kabokosi ka 25 ndi 46. Ndinaima n'kumakayang'ana. Mapewa anga okha ndi otambalala pafupifupi chimodzimodzi. Ndinafufuta msangamsanga.

Kale kwambiri izi zisanachitike, mu Januwale 1925, katswiri wa mapanga dzina lake Floyd Collins anapanikizidwa mwendo ndi mwala ku Sand Cave, m'chigawo cha Kentucky, ku America komweko. Mwalawo sunali waukulu, makilogalamu 12 okha kapena kuposerapo pang'ono, woti panja mwana wasukulu angaunyamule. Koma m'kanjira kothina motero analibe pokhotetsera dzanja kuti aufikire. Anali pansi mamita osakwana 20. Mtolankhani wina wochepa thupi, William Burke Miller, ankakwawa mpaka kukafika pamene iye anali, kucheza naye, n'kutuluka kukalemba, ndipo anapata nazo mphoto yapamwamba ya atolankhani yotchedwa Pulitzer. Anthu miyandamiyanda anakhamukira pamwamba pa phangalo kudzaonerera, ena n'kumachita malonda pomwepo. Okumba atamufikira pa 16 Febuluwale, anali atamwalira kale.

Khamu limenelo linandichititsa manyazi pang'ono, chifukwa ndinadziona ndili pakati pake. Kodi ine, pampando wanga, ndikusiyana nawo bwanji? Ndalingalira ndipo ndikuganiza kuti kusiyana kulipo, ngakhale si kwakukulu monga ndikanafunira. Iwo ankaonerera munthu weniweni akufa. Ine ndinkaonerera wosewera amene anagona pakati pa miyala yopanga, chifukwa mapanga ambiri a m'mafilimu amamangidwa mu situdiyo kuti kamera ndi magetsi zipeze polowera. Koma chimene chinatikoka tonse n'chimodzi. Timafuna kusuzumira m'dzenje titagwira chinachake cholimba.

Ndiye pali Tham Luang, ku Thailand, nkhani imene ambiri timaikumbuka. Anyamata 12 a timu ya mpira ndi mphunzitsi wawo analowa m'phanga pa 23 Juni 2018, madzi a mvula n'kuwatsekera. Anapezeka pa 2 Julayi ali moyo, ndipo womaliza anatuluka pa 10 Julayi. Chimene sindinachimvetse bwino nthawi imeneyo n'chakuti anyamatawo anawatulutsa atawagonetsa ndi mankhwala. Dokotala wa ku Australia, Richard Harris, amenenso ndi katswiri wosambira pansi pa madzi m'mapanga, ndiye anawabaya. Chifukwa chake? Mwana wogwidwa ndi mantha m'kanjira kodzaza madzi, mumdima, akanaphiriphitha n'kudzipha yekha pamodzi ndi womunyamula. Opulumutsawo ankadziwa kuti mdani wamkulu m'menemo si madzi okha, koma chinthu chomwe chija chinandidzutsa ine pampando. Ngakhale zinali choncho, phangalo linatenga moyo wa Saman Kunan, amene kale anali msilikali wa m'madzi wa dzikolo, pamene ankabwerera kuchokera kokasiya mabotolo a mpweya.

M'nkhani zitatu zonsezi mulibe mano, mulibe zikhadabo.

## Mdima ndi makutu

Tibwerere ku filimu. Ngati pali chinthu chimene ndimayesera filimu ya mtunduwu tsopano, ndi mmene ikuchitira ndi mdima.

Mdima wa usiku umene tinauzolowera si mdima weniweni. Muli nyenyezi, muli kuwala kolowera pansi pa chitseko, ndipo maso akadikira amayamba kuona. Mkati mwa phanga mulibe choti maso azolowere. Mukazimitsa tochi, dzanja lanu lili pamphuno simuliona, kaya mudikire ola kaya sabata. Mafilimu aulesi amabera pamenepa. Mumaona kuwala kobiriwira kochokera kosadziwika, nkhope za onse zikuoneka bwinobwino, tsitsi lili m'malo. Zikatero phanga lasanduka chipinda chabe chokhala ndi makoma okhakhala.

Imene tinaonera ife inabera pang'ono pokha. Kuwala kunkachokera pa matochi awo, ndipo batire likamafooka chithunzi nachonso chinkafooka. Panali nthawi ina yomwe sikirini yonse inangoti bii, kwa kanthawi kotalika ndithu, ife n'kumangomva madontho a madzi ndi munthu akumeza malovu. Ndinkaganiza kuti papita mphindi zisanu. Mng'ono wanga atabweza kuti tione, sipanathe ngakhale mphindi imodzi.

Nthawi imasokonekeradi pansi pa nthaka, ngakhale kuti kwa amene akhalamo nthawi yaitali imasokonekera mbali inayo. Mu 1962, Michel Siffre wa ku France anakhala yekha miyezi iwiri m'phanga la Scarasson, opanda wotchi. Anzake atamuuza pa 14 Sepitembala kuti nthawi yakwana, iye ankaganiza kuti ndi pa 20 Ogasiti. Akamuuza kuti awerenge mpaka 120, nambala imodzi pa sekondi iliyonse, zinkamutengera mphindi zisanu. Popanda dzuwa, mutu umataya chingwe chimene umayezera tsiku.

N'chifukwa chake ndikunena kuti kuonera filimu yotere pa foni masana, uku mukuyankha mauthenga, n'kutaya nthawi. Mudzangoona anthu akuda ndi matope akukwawa mumdima, n'kunena kuti ndi yotopetsa, ndipo mudzakhala mukunena zoona. Mphamvu yake yonse ili m'makutu ndiponso m'kusowa kothawira maso. Zimitsani magetsi, valani mahedifoni kapena kwezani sipika, foni ikhale kutali. Mukapanda kutero, ingoisiyani.

## Funso la alamu

Nkhani yoti ndinathawira panja sinachedwe kufalikira pachibale. Mng'ono wanga si wosunga chinsinsi. Patangopita masiku atatu, mlamu wanga anandiimbira, kuseka kukumveka kale m'mawu.

"Alamu, ndamva kuti kafilimu kena kanakuthamangitsani m'nyumba mwanu momwe. Inu amene?"

"Ndinangopita kukapuma mphepo."

"Eya, mphepo. Ndiye mukuti bwanji, ndionere?"

Ndinakhala chete nthawi yaitali kuposa mmene funsolo linkafunira. Ndikanati ndiiweruze ngati filimu, ndikanati ndi yapakatikati. Anthu ake sakumbukika, zokambirana zawo n'zozolowereka, mapeto ake mungawalosere muli kukhitchini. Koma mafilimu abwino kuposa imeneyo ndaonera ambirimbiri ndipo mawa lake ndinawaiwala. Iyi yandisiyira chinthu m'chifuwa. Dzulo lomweli ndinagwetsa cholembera kuseri kwa bedi, nditalowetsa mutu ndi phewa kuti ndichitole, diso la bambo uja linandibwerera, ndipo ndinatuluka n'kukoka bedi lonse.

Ndinawafunsa alamu mafunso awiri. Loyamba, ngati anayamba agwidwapo ndi mantha oti mtima kuthamanga, mpweya kusowa, popanda chifukwa chooneka. Ngati munthu amavutika ndi zimenezo, kapena amalephera kukwera lifiti, kapena akudikira kukalowa m'makina a MRI aja ooneka ngati paipi, ine sindingamuuze kuti aonere. Palibe mendulo imene amapereka pamapeto, ndipo zithunzi zina zikalowa m'mutu sizipempha chilolezo pobwerera. Anati ayi, alibe vuto limenelo.

Lachiwiri, chimene akufuna. Ngati akufuna kudzidzimuka n'kuseka ndi anzawo, alipo mafilimu ena ochita bwino zimenezo, ndipo iyi iwatopetsa kwa ola lathunthu chilombo chisanabwere. Koma ngati akufuna kudziwa chimene thupi lawo limachita likakhulupirira kuti malo atha, ola loyambalo ndi lawo.

"Ndiye mukuti ndionere ola limodzi lokha?"

"Onerani yonse. Chilombocho mudzachifuna. N'chimene chidzakutulutseni."

Sanamvetse, ndipo anandiuza kuti ndayamba kulankhula ngati mlaliki. Tinatsanzikana.

Lamlungu usiku, cha m'ma 11 koloko, foni inalira. Uthenga wochokera kwa alamu: "Chilombo chanu chija n'chabodza zedi, mpaka ndaseka."

Ndinayamba kulemba yankho, koma ndisanatumize unabwera wina.

"Koma bambo uja pakampata paja. Ndayatsa magetsi onse. Achimwene anu akufunsa ngati kwabwera alendo."